Jombo Yakumanzere ya a Lameki

Pa maliro a bambo anga mwezi wathawu, mnyamata amene anapatsidwa chimkuzamawu kuti anene mbiri ya malemu anayamba bwino. Ananena za ubatizo wawo, za ukwati wawo ndi malemu mayi anga, za dimba la kabichi ndi kachewere kuno ku Biriwiri, ndi za ife ana. Kenako anatsokomola n'kuwonjezera kuti malemu a Lameki analinso munthu wokonda kuonera mpira. Wokonda kuonera! Misozi inandiuma pomwepo. Ndinayang'ana bokosi kuti mwina ligwedezeka, chifukwa mwa zonse zimene bambo anga ankaopa padziko lino, imfa inali pambuyo. Choyamba chinali choti anthu adzaiwala kuti iwo sanayambire pa kuonera, koma anasewerapo pakati pa bwalo, mbali yakumanzere, ndipo malowo anali awo.

Mnyamatayo sindikumuimba mlandu, ndi wadzulodzulo. Iye amadziwa zimene aliyense kuno amadziwa. Okonda mpira akayamba mkangano wawo uja wosatha, woti ndi osewera awiri ati apakati amene anali olimba ndi akhama kuposa onse, amayamba ndi a pa kanema. Akatopa ndi maina achizungu, wina amati, “Koma kwathu kuno kunali Ng'ombe za Ngolo, Jonasi ndi Dikisoni.” Onse amavomera, ngakhale amene sanawaonepo akusewera. Bambo anga anamva mawu amenewa kuyambira ali ndi tsitsi lakuda mpaka litathothoka, ndipo ulendo uliwonse ankawabaya pamalo amodzimodzi. Dzina la Ng'ombe za Ngolo linali lawo ndi a Jonasi, a Dikisoni asanaponde n'komwe m'mudzi muno.

Achinyamata amawakumbukira monga nkhalamba ya chipewa chaubweya imene inkakhala pabenchi lakutsogolo ku vidiyo Loweruka masana, ikuonera mpira wa ku Mangalande ndi nkhope yosakondwa. Sankasapota timu iliyonse. Chigoli chikalowa, anyamata n'kumalumpha mpaka malata kulira, iwo ankafunsa kuti kodi mpirawo anaulanda ndani koyambirira kuja. Panalibe wodziwa, ndipo iwo ankati ndilo vuto la dziko lino limenelo. Omwetsa zigoli ankawatchula kuti ana opesa tsitsi. Ankati ukafuna kudziwa ngati awiri apakati ndi enieni usayang'ane nkhope, uyang'ane makabudula popita kokapuma. Akada onse awiri, pali ubale. Wina akakhala woyera, dziwa kuti mnzakeyo akudyeredwa masuku pamutu.

M'mutu mwawo munali awiriawiri onse amene anadutsapo m'mabwalo a kuno. Ankasimba za abale awiri a ku Nsipe, ana a wogulitsa nyama, amene ankatukwanizana okhaokha nthawi yopuma koma akalowa m'bwalo munthu osadutsa pakati pawo. Ankasimba za mphunzitsi wina wa ku Champiti ndi mlamu wake, wina wamtali wina wamfupi, amene ankakutsekera njira mwaulemu, akakugwetsa n'kukudzutsa okha. Amene ankawapatsa ulemu weniweni anali anyamata awiri othawa nkhondo ochokera tsidya la Mozambiki, amene ankathamanga masana onse osapempha madzi. Pa awiri alionse, bambo anga ankakonda amene anthu samutchula. Koma wina akangofunsa kuti nanga Jonasi ndi Dikisoni, iwo ankadzuka, kukonza chipewa, n'kunena kuti akukathirira kabichi. Ankanena zimenezi ngakhale mvula ikugwa kunja.

Iwo ndi a Jonasi anakulira pabusa pamodzi. A Jonasi anali a mwendo wamanja, bambo anga amanzere otheratu, oti aphunzitsi anawamenya m'zala mpaka kutopa osawasintha. Atakula analima dimba limodzi la kachewere, ndipo chaka china anasenza thumba kukalitula pamsewu, pomwe dalaivala wina wa lole anawasinthanitsa ndi jombo zampira zakutha, zachikopa chakuda, zolemera. Jombo zinali ziwiri, anthu awiri. Sipanakhale mkangano: a Jonasi anatenga yakumanja, bambo anga yakumanzere, phazi linalo pansi. Ana amasiku ano, amene aliyense ali ndi jombo zake zamitundu yowala, amaseka akamva. Bambo anga ankati akuseka umbuli wawo, chifukwa phazi la jombo ndi lomenyera, ndipo phazi lapansi ndi lomvera nthaka.

Ntchito yawo sinali yokongola. Kulanda mpira, kutseka njira, kugwa, kudzuka, kupereka mpirawo kwa ana opesa tsitsi aja. Bambo anga ankati pa moyo wawo wonse anagoletsapo kamodzi, mwangozi, ndipo anachita manyazi. Lamulo lawo linali limodzi: mnzako akapita kutsogolo, iwe tsala kumbuyo umusungire malo. Sankaitanana. Bambo anga ankati ankadziwa pamene a Jonasi ali osacheuka, pongomva mapazi: jombo kuti gu, phazi kuti pha, gu, pha. Dzina lija la Ng'ombe za Ngolo linaperekedwa ndi ochemerera a ku Nsipe, tsiku limene timu yawo inalephera kudutsa pakati masana onse. Nkhalamba ina inakuwa kuti amenewa si anthu, ndi ng'ombe za ngolo. Aliyense woweta amadziwa kuti ng'ombe yozolowera kumanzere siikoka ukaiika kumanja, ndipo ukaichotsera mnzake imanyanyala.

Jombozo zinkagona kwa a Jonasi, chifukwa kwawo kunali ng'ombe ndipo mafuta opaka chikopa sankasowa. Ankazimanga zingwe pamodzi n'kuzipachika pamsomali. Lamulungu mapemphero akatha, a Jonasi ankabwera nazo kubwalo atazikoloweka m'khosi. Bambo anga ankakhala atafika kale pachulu chimene chili m'mbali mwa bwalo, phazi lakumanzere atalitambasula. A Jonasi ankamasula zingwe, n'kupereka jombo. Panalibe kupempha, panalibe zikomo. Unali mwambo wawo umenewo.

Tsono jomboyo inachoka bwanji? Inachoka chifukwa cha ine. Chaka chimene ndinabadwa kunali mpikisano wa matimu a m'dera lino, wolimbirana chikho ndi mbuzi. Utangoyamba, mayi anga matenda anawayamba, ndipo zinavuta. Bambo anga anawakweza pangolo kupita nawo kuchipatala. Ine ndinabadwa, koma mayi anatsala pakati pa moyo ndi imfa kwa masabata. Mayi angawo analibe mayi wawo woti awadikirire, choncho bambo anga anakhala komweko, mwamuna yekha pakati pa amayi odikirira odwala, akuphika phala ndi kuchapa matewera. Kuno timu inasowa munthu kumanzere. Kunali mnyamata wina wa ku Champiti amene anali atangobwera kudzakwatira, wamanzere nayenso, dzina lake Dikisoni. A Jonasi anamasula zingwe n'kumupatsa jombo.

Anapambana. Anapambananso. Anatenga chikho, mbuzi inadyedwa, ndipo kunabwera wojambula wa panjinga amene anajambula chithunzi chokhacho chimene timu imeneyo inajambulitsapo. Chilipo mpaka lero, chimapachikidwa mu golosale ya pamsewu. A Jonasi agwada kutsogolo, a Dikisoni pambali pawo atawakoloweka dzanja. Bambo anga mulibe, koma jombo yawo ilimo. Ndinawapezapo kangapo ataima pamaso pa chithunzicho, sopo amene anatumidwa ali m'manja, akuyang'ana pansi pa chithunzi pomwe pali mapazi.

Atabwerako kuchipatala, Lamulungu loyamba anapita kubwalo. Anachedwa pang'ono, anapeza mpira wayamba. Anakhala pachulu, anavula patapata wakumanzere, n'kutambasula phazi. A Jonasi anawaona ali m'bwalo, anakweza dzanja, n'kupitiriza kuthamanga. Nthawi yopuma anabwera akupuma wefuwefu, anafunsa za mayi ndi za mwana, anamwa madzi. Za jombo sananene. Wenzulo inalira, a Dikisoni anathamangira m'bwalo jombo ili kuphazi. Bambo anga anavala patapata wawo n'kubwerera kunyumba, ndipo sanasewerenso mpira.

Pambuyo pake a Jonasi ankauza anthu kuti ankaganiza kuti munthu wochokera kuchipatala ndi wotopa, adzanena yekha akakonzeka. Bambo anga ankati mwini sapempha chake. Mayi anga ankawauza kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna, iwo n'kuyankha kuti si manyazi, ndi chilungamo. Sanakangane poyera ndi a Jonasi. Ankapatsana moni kutchalitchi, ankakumba manda limodzi pamaliro. Kungoti anthu amene ankatchulana kuti iwe kuyambira pabusa anayamba kutchulana kuti inu, ndipo panyumba pa a Jonasi bambo anga sanapondeponso. Kubwalo sanasiye kupita. Lamulungu lililonse ankakhala pachulu pomwe paja, manja m'thumba, kuonera munthu wina akuthamanga ndi jombo yawo.

Nsanje ya bambo anga inali ya mtundu wakewake, yosatopa ngati mmene ankasewerera. Dzina la a Dikisoni silinatulukepo pakamwa pawo. Ankangoti wobwereka uja. Wobwereka uja atagula njinga, iwo anati matayala ake ndi osalimba. Kabichi wake atakula kuposa wathu, anati ndi madzi okhaokha, alibe kukoma. Atakalamba n'kusiya mpira, iwo anati anachedwa kusiya. Koma tsiku limene tinamva kuti a Jonasi apempha a Dikisoni kuti atche dzina mwana wawo wamwamuna, bambo anga anasiya kudya. Anakankha mbale, anatenga khasu, n'kukalima pamalo polima kale.

Mayi anga anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. “Abale inu, ine ndidakwatiwa ndi mwamuna amene sadandichitirepo nsanje ngakhale tsiku limodzi. Ndivale bwino, ndiseke ndi ogula pamsewu, iye phee. Koma mwamuna mnzake wandevu akangoyenda ndi wina, nsima osadya. Bola ndikadakhala Jonasi!”

Ine sindinkaseka. Munthu akawafunsa kuti mwana wanu wamkaziyu anabadwa liti, bambo anga ankayankha kuti chaka cha jombo. Osati chaka cha njala, osati chaka cha mvula yambiri ngati ana a anzathu, koma chaka cha jombo. Ndinakula ndikuchitira nsanje nsapato, imodzi, yoti sindinaigwirepo. Ndinkaona kuti ikanakhala kuti ingabwezedwe posinthana ndi ine, bambo anga akanayamba aganiza kaye.

Zinthu zinasintha onse atakalamba. A Jonasi anagwa m'dimba ndi sitiroko, ndipo mbali imene inafa inali yakumanzere. Mkono unalendewera, mwendo unkakhwekhwereka, pakamwa panapotoka. Amene ankawasambitsa, kuwameta ndi kuwakankha panjinga kupita nawo kubwalo anali a Dikisoni. Bambo anga ankaonera zonsezi ali pachulu. Kunyumba ankati wobwereka uja sadziwa kukankha njinga, amadutsa dala m'maenje. Mayi anga anali atamwalira nthawi imeneyo, ndiye wowayankha ndinali ine. Ndinati ngati mukudziwa kukankha bwino, bwanji osakakankha? Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

Kenako anyamata a timu yamakono analandira yunifomu yatsopano, ndipo anakonza zoti pa tsiku loyamba kuivala, mpira woyamba aumenye ndi Ng'ombe za Ngolo. Bambo anga anamva. M'mawa wa Lamulungu limenelo anameta ndevu, anavala jekete, anapukuta nsapato zakutchalitchi kawiri. Nditawafunsa anati kodi munthu asatchene popita kwa Mulungu? Koma mapemphero atatha sanavule. Ine ndinali kubwaloko ndi beseni langa la chimanga chophika, ndipo ndinawaona atakhala pachulu, msana uli chilili, akudikira.

Woyendetsa mwambo anaitana Ng'ombe za Ngolo, a Jonasi ndi a Dikisoni. Anthu anawomba m'manja. Sindinafune kuyang'ana kuchulu, koma ndinayang'ana. Bambo anga anali akuyang'ana kumapiri.

A Dikisoni anatsitsa a Jonasi panjinga, anawagwira mkono wakufawo, n'kuyamba kuwatsogolera pakati pa bwalo. Ankawakoka mwachangu, mwina chifukwa cha maso a anthu. A Jonasi anapunthwa kamodzi. Atapunthwa kachiwiri bondo linatsala pang'ono kugunda pansi, ndipo ndinangoona jekete la bambo anga likutsika pachulu. Sindinkadziwa kuti angathamangebe chonchija.

“Chokani apo inu,” anatero atafika. “Mukumukoka ngati thumba la feteleza.”

“A Lameki, ndawagwiratu bwino,” anayankha a Dikisoni.

“Mwagwira bwino chiyani? Munthu uyu amayamba ndi phazi lamanja, n'kudikira pang'ono. Chiyambire pabusa. Zaka zonse zija mudathamanga naye, simudamve?”

Analowetsa phewa lawo kunsi kwa mkono wa a Jonasi, kumanzere, n'kuwagwira m'chiuno. Anadikira. Phazi lamanja la a Jonasi linaponda, bambo anga anaponda nalo limodzi, n'kunyamula mbali yakufayo kuti mwendo utsatire. Anayenda choncho mpaka pakati, osapunthwanso. Ine ndinali nditasiya beseni langa kwa mnzanga n'kusendera pafupi, poopa kuti pachitika zochititsa manyazi. Bwalo linali litakhala chete, ndipo ndinamva zonse.

“Wachedwa, Lameki,” anatero a Jonasi, mawu akutuluka movutikira.

“Wachedwa ndiwe. Ine ndidafika kalekale, phazi lili pamtunda.”

“Sudapemphe.”

“Ndipemphe changa chomwe?”

“Ndinkabwera nazo m'khosi. Lamulungu lililonse. Ndinkayamba ndadutsa pachulu. Iwe maso kumapiri.”

“Ukadaponya.”

“Ukadatambasula dzanja.”

“Ndidatambasula phazi! Unkafunanso chiyani?”

Woyimbira mpira anali ataika wenzulo pakamwa, osadziwa kuti aimbe kapena adikire. Anyamata a yunifomu yatsopano ankayang'anana. Pamenepo a Dikisoni, amene anali ataima kumbuyo ngati mlendo pa mlandu wa eni, anatsokomola.

“Akuluakulu, ngati nkhani ndi ya jombo ija, inetu idandizunza. Taonani.”

Anakhala pansi pakati pa bwalo, anavula nsapato yakumanzere ndi sokosi. Chala chachikulu chinali chopindikira m'kati, chopanda chikhadabo, chakuda. Anafotokoza kuti jomboyo inali itaumbika kale potsata phazi la bambo anga, lomwe linali ndi fupa lotuluka pambali. Phazi lawo linali lowongoka, ndiye chikopa chinkawaluma pamene sichinayenera kuluma. Anayesa kuikamo nsanza, anayesa kuiviika m'madzi, osathandiza. Masewero alionse ankatha magazi ali m'jombo, koma ankaopa kudandaula poti inali ya eni.

“Sidandivomere ngakhale tsiku limodzi, a Lameki,” anatero.

Bambo anga anawerama, a Jonasi akadali paphewa, n'kuyang'anitsitsa chalacho. Ine ndinawaona pa ukwati wanga, ndinawaona atanyamula mdzukulu wawo woyamba, koma chimwemwe ngati chimenecho sindinachionepo pankhope pawo. Ndinachita manyazi m'malo mwawo.

“Idali ndi nzeru jombo ija,” anatero. “Kuposa anthu ena.”

“Ndamva,” anatero a Jonasi.

Mpira unaikidwa patsogolo pa a Jonasi. Kuti aumenye ndi phazi lamanja, anayenera kuimira mwendo wakufa, ndiye kuti kulemera kwawo konse kunali pa bambo anga. Anthu ankayembekeza kuti aukankhira kutsogolo. Iwo anaukankhira pambali, kumanzere. Bambo anga anauponda ndi nsapato yakutchalitchi, anakweza maso, n'kuupereka kwa kamnyamata komwetsa zigoli ka tsitsi lopaka utoto. Kenako anatembenuza mnzawo n'kutuluka naye m'bwalo, a Dikisoni akutsatira, nsapato ili m'manja.

Musaganize kuti nsanje inathera pamenepo. Inangopeza ntchito. Kuyambira tsiku limenelo mbali yakumanzere ya a Jonasi inali ya bambo anga, ndipo a Dikisoni analoledwa kukankha njinga ndi kunyamula mpando. Bambo anga anayamba kulawira kuti azifika kwa a Jonasi mnzawoyo asanafike. A Dikisoni atazindikira anayamba kulawiranso. Anthu opita kudimba ankaona nkhalamba ziwiri zikupikisana pachitunda, wina ndi ndodo, wina akukankha njinga, osapatsana mpata. Akafika ankakangana kuti ndani amete ndevu, ndani agwire kapu. A Jonasi ankangokhala pakhonde pakamwa patapotoka, ndipo ndikukhulupirira kuti kupotokako kwina kunali kuseka.

A Jonasi atamwalira, bambo anga anabwera kuchokera kumanda maso ali ofiira, n'kunena kuti wobwereka uja analira mwachionetsero. Patapita masiku, mayi a kwa a Jonasi anabwera ndi jombo zija, zomangidwa zingwe pamodzi, chikopa chitachita ming'alu. Bambo anga sanazimasule. Anakhoma msomali pakhonde n'kuzipachika, ndipo ankazipaka mafuta kuposa mmene ankadzolera iwo eni.

Jombo inabwerera, koma dzina silinabwerere. Chithunzi cha mu golosale sichinasinthe, ndipo anyamata ku vidiyo anapitiriza kunena kuti Jonasi ndi Dikisoni. Za pakati pa bwalo zija anazitenga ngati nthabwala ya nkhalamba. Bambo anga ankandiuza kuti ndidzaone, tsiku la maliro awo adzati anali sapota. Ankanena moseka, koma maso sankaseka.

Matenda awo omaliza atakula, masana ena ndinawatulutsa pakhonde kuti awothere dzuwa. Anali akuyang'ana jombo zija, ine ndikuwapaka mafuta m'mapazi, ndipo funso limene ndinalisunga kuyambira ndili mwana linatuluka lokha.

“Ababa, chikhala kuti nthawi idabwerera, mukadapita kuchipatala kapena kubwalo?”

“Funso lanji lopusa limenelo, Nangozo?” anatero, akunditchula ndi dzina la mfunda wathu monga ankachitira akafuna kundikalipira mwachikondi. “Tsiku limenelo mpira udali ndi amako. Iwo adapita kutsogolo, ine ndikadatani? Ndidatsala kumbuyo. Chidandipweteka si iwe ayi. N'choti ine nditapita, Jonasi sadandisungire malo.”

Anatseka maso, kenako anawonjezera kuti ndikupaka mafuta ambiri, ndisiyeko a jombo.

Ndiye mwezi wathawu mnyamata uja atanena kuti malemu anali wokonda kuonera mpira, ndinamva ngati bambo anga afa kachiwiri ine ndikuona. Ndinafuna kudzuka, koma mwana wamkazi wa malemu salankhula pa mwambo wotere. Ndili mkati molimbana ndi mtima, kumbali ya abambo kunamveka ndodo. A Dikisoni anali atadzuka, akutsimphina kulunjika kutsogolo. Sanali pa mndandanda wa olankhula, ndipo woyendetsa mwambo anayesa kuwanong'oneza, koma iwo anatambasula dzanja mpaka anapatsidwa chimkuzamawu.

“Pepani anamfedwa, pepani mafumu ndi akumpingo. Ndingokonza pamodzi pokha. Amene agona apawa sadali woonera. Ng'ombe za Ngolo mumazinenazi adali a Jonasi ndi a Lameki. Yakumanzere ndi iyi tikuika leroyi. Ine ndidabwera ngolo ikuyenda kale, ndidangogwirizira. Pachithunzi chija nkhope ndi yanga, koma jombo ndi yawo, malonso ndi awo. Iwo ankanditchula kuti wobwereka, ndipo sankanama. Zikomo.”

Anabweza chimkuzamawu n'kubwerera pamalo pawo. Ndinamva anyamata kumbuyo akufunsana kuti kodi zoona, ndipo nkhalamba zingapo zinkagwedeza mitu kuvomera, zomwe zija zinakhala chete zaka zonsezi. Ine ndinalira kwenikweni tsopano. Koma ndikuwadziwa bambo anga. Akanatha kudzutsa mutu m'bokosimo, sakanathokoza. Akanafunsa kuti wobwereka uja chimkuzamawu wamupatsa ndani, ndipo n'chifukwa chiyani anthu amumvetsera chonchi.

Jombo zikadali pamsomali, ndipo ndine amene ndikuzipaka mafuta tsopano, ine ndemwe ndinkadana nazo. Lamulungu lapitali ndinapita kubwalo ndi beseni langa. Pachulu paja pali podikha, posalala, pamene bambo anga anakhala zaka zonse zija mpaka dothi linatenga maonekedwe awo, ndipo kunsi kwake kuli mwala wafulati pamene ankaika phazi lakumanzere. Masana pamakhala mthunzi, ndipo ukakhala pamenepo umaona pakati pa bwalo ponse. A Dikisoni anali atakhala pakampando kawo chapatali, padzuwa. Mpira utayamba, bambo wina wachilendo amene anabwera ndi timu ya ku Nsipe anaona malo abwinowo n'kuyamba kukwera. A Dikisoni analoza ndi ndodo.

“Achimwene, pamenepo pali mwini.”

“Ali kuti?”

“Wachedwa. Amachedwa ameneyo. Koma malo ake musungireni.”

Mlendoyo anatsika n'kukaima kwina. Mpira unapitirira, fumbi likuuluka pakati pomwe anyamata awiri a makabudula akuda ankalimbana ndi anzawo. Pachulu panakhala popanda munthu mpaka wenzulo yomaliza, mthunzi ukusendera pang'onopang'ono pamwala paja.